PHUNZIRO 17: THIRAKITALA YOLINGANA NDI MUNDA WATHU

Tiwerenge pamodzi

Koperativa ikakolola bwino zaka ziwiri kapena zitatu, ndalama zimayamba kuoneka m'buku la msungichuma. Pamenepo pa msonkhano pamabuka mau akuti: "Tigule thirakitala!" Tonse timaomba m'manja. Kenaka wina amaimirira nati: "Koma ikhale yaikulu zedi, yoti a tsidya lija akaimva kulira adziwe kuti kuno kulibe masewera."

Anzathu, tisathamange. Ndalama zimenezi ndi thukuta la mabanja onse. Tikagula molakwa, ngongole idzatsala ndi ife, thirakitala ili gone pansi pa mtengo, nkhuku zikuikira mazira pampando pake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thirakitala sitisankha ndi maso. Imene imasankha ndi ntchito ya m'munda mwathu.

1. Zimene makolo athu anaona

Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma linatsegula minda ikuluikulu. Ku Angónia kunali munda wa CAIA, ku Chókwè kunali wa CAIL. Kunabwera mathirakitala ndi makina okololera ochokera kunja, ambiri a ku maiko a kum'mawa kwa Ulaya. Anali makina amphamvu ndithu. Koma masipeya anali kusowa, amakaniko anali ochepa, mafuta sanali kufika pa nthawi yake, ndipo nkhondo inaonjezera mavuto. Makina ambiri anaima asanakalambe. Mu 1983, pa msonkhano wake waukulu wachinayi, chipani cha Frelimo chinavomereza kuti ntchito zikuluzikuluzo sizinayende monga anayembekezera, ndipo chinati mphamvu ipite ku ntchito zing'onozing'ono ndi ku minda ya mabanja.

Ife tikuphunzirapo ichi: makina abwino ndi amene tingathe kuwamwetsa mafuta, kuwakonza ndi kuwapatsa ntchito chaka chonse.

2. Akavalo a thirakitala

Mphamvu ya thirakitala timaiwerenga ndi akavalo. Pa mapepala a Chingerezi amalemba HP. Pa mapepala a Chipwitikizi amalemba CV. Tikaona 45 HP kapena 45 CV, tiwerenge kuti: akavalo 45.

Pali kathirakitala ka matayala awiri, koyenda munthu ali pambuyo. Kamakhala ndi akavalo 8 mpaka 15. Kamayenera m'dimba ndi m'minda ing'onoing'ono.

Pali thirakitala yapakati, ya akavalo 35 mpaka 60. Chitsanzo ndi Massey Ferguson 135, imene inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975. Ili ndi akavalo pafupifupi 45, ndipo zina zikugwirabe ntchito mpaka lero.

Pali thirakitala yaikulu, ya akavalo 75 kupita m'tsogolo. Chitsanzo ndi Belarus MTZ-80 ya ku Minsk, ya akavalo pafupifupi 80.

Koma tichenjere. Akavalo olembedwa pa pepala safika onse pa ntchito. Kumbuyo kwa thirakitala kuli shafiti imene imazungulira, nthawi zambiri ka 540 pa mphindi imodzi. Ndiyo imayendetsa chikwakwa cha thirakitala. Injini ikakhala ya akavalo 45, ku shafiti kumafika pafupifupi 38 basi. Ena amathera m'njira.

Chinanso ndi ichi. Ife a ku Angónia ndi ku Tsangano tili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi kavalo mmodzi pa akavalo 10 alionse. Thirakitala imene ku Beira ili ndi akavalo 45, ikafika ku Ulónguè imakoka ngati ya akavalo 40.

3. Tiyambe ndi ntchito

Tisanafunse mtengo wa thirakitala, tilembe pa bolodi ntchito zathu zonse. Kulima. Kuphwanya zibuma. Kutchetcha udzu m'mbali mwa msewu, m'munda wa mapichesi ndi m'malire a nkhalango kuti moto wolusa usalowe. Kututa chimanga, nyemba ndi mbatatesi pa ngolo. Kututa manyowa, mchenga ndi njerwa.

Pa ntchito iliyonse tifunse mafunso atatu. Ndi mahekitala angati? Ndi kangati pa chaka? Tili ndi masiku angati oti tiimalize?

Tikatero tisankhe chida choyenera ntchitoyo: pulawo, chikwakwa kapena ngolo. Thirakitala ibwere pomaliza, yoti ikoke chida cholemera kuposa zonse. Munthu sagula ng'ombe asanadziwe kukula kwa ngolo yake.

4. Masamu a kutchetcha

Chikwakwa cha thirakitala ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi mipeni yozungulira pansi pake. Pa mita imodzi ya m'lifupi mwake chimafuna akavalo pafupifupi 16 ku shafiti. Chikwakwa cha mita imodzi ndi theka chimafuna akavalo 25 pa udzu wamba. Pa udzu wautali wothithikana ndi pa zitsamba, chimafuna 35 kapena kuposa. Thirakitala ya akavalo 45 imachinyamula bwino. Tionetsetsenso kuti chikwakwacho ndi chotambalala kufika pamene matayala akuponda. Chikachepa, matayala amagoneka udzu umene mipeni siifikako.

Tsopano titenge choko. Hekitala imodzi ndi mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Amenewo ndi masikweya mita 10,000.

Thirakitala potchetcha imayenda mamita pafupifupi 5,000 pa ola limodzi. Chikwakwa chathu ndi cha mita imodzi ndi theka.

5,000 kuchulukitsa ndi mita imodzi ndi theka, yankho ndi 7,500.

Koma thirakitala imakhota kumapeto kwa munda, imazemba zitsa ndi zulu, dalaivala amaima kumwa madzi. Choncho timachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu.

7,500 kuchotsapo 1,500, yankho ndi 6,000.

Tiyerekeze kuti koperativa yathu ili ndi mahekitala 12 otchetcha. Amenewo ndi masikweya mita 120,000. Tikagawa ndi 6,000 tikupeza maola 20. Tikatchetcha katatu pa chaka, ndi maola 60 okha. Nanga pamenepa yaikulu ya akavalo 80 tikuifuniranji?

Tikumbukirenso kuti chikwakwa chimenechi chimaduladula udzu. Udzu wofolera nyumba tisautchetche nacho ayi. Umenewo timweta ndi zenga monga kale.

5. Masamu a kulima

Kutchetcha ndi ntchito yopepuka. Yolemera ndi kulima, ndipo ndiyo imatiuza kukula kwa thirakitala.

Pulawo ya thirakitala imakhala ndi mbale zachitsulo. Mbale imodzi imatembenuza dothi pafupifupi masentimita 25. Thirakitala ya akavalo 45 imakoka mbale ziwiri pa dothi lolimba, kapena zitatu pa dothi lamchenga. Ya akavalo 60 mpaka 75 imakoka mbale zitatu popanda kudandaula.

Tiyerekeze kuti tili ndi mahekitala 30 olima. Amenewo ndi masikweya mita 300,000.

Mbale ziwiri ndi theka la mita. Pa ola limodzi zimalima 2,500. Tikachotsa gawo lachisanu patsala 2,000. Pa maola 8 ndi 16,000. Munda wonse udzatha masiku 19.

Mbale zitatu ndi masentimita 75. Pa ola limodzi zimalima 3,750. Tikachotsa gawo lachisanu patsala 3,000. Pa maola 8 ndi 24,000. Munda wonse udzatha masiku 13.

Taonani, kusiyana kwake ndi masiku 6 basi. Tsono funso ndi ili: kodi timayamba liti kulima? Ngati timadikira mvula ya mu Novembala kuti ifewetse nthaka, masiku 6 amenewo ndi ambiri, chifukwa chimanga chochedwa kubzala sichibereka bwino. Pamenepo tifunika ya akavalo 60. Koma ngati timalima tikangokolola, nthaka ikadali ndi chinyezi, masiku tili nawo okwanira, ndipo ya akavalo 45 itikwanira. Kukonza bwino nthawi ya ntchito kumatipulumutsira ndalama zambiri.

6. Ikachepa, ikakulitsa

Thirakitala ikachepa timaidziwa. Imatulutsa utsi wakuda, injini imatentha, matayala amangozungulira pamodzimodzi. Chida chikalemera kumbuyo, matayala a kutsogolo amanyamuka ndipo chiongolero sichimvera. Injini yozunzika chotere siikhalitsa.

Thirakitala ikakulitsa, vuto lake limabisala m'buku la ndalama. Mtengo wogulira ndi waukulu. Matayala ake, batire, mafyuluta ndi oyilo, zonse n'zodula. Ya akavalo 90 ikamagwira ntchito yolemera imamwa dizilo pafupifupi kawiri kuposa ya akavalo 45. Ngakhale ikoke ngolo ya matumba asanu okha, imamwabe kuposa yaing'ono. Tikaimangirira chikwakwa chopepuka imathyola mabauti ndi kuononga magiya a chikwakwacho. Kulemera kwake kumatsendereza dothi lonyowa, ndipo mizu ya chimanga imalephera kulowa pansi. M'munda wa zipatso siikwana pakati pa mitengo, ndipo timilatho tathu tamitengo sitingaipirire.

Tionenso maola. M'chitsanzo chathu, kulima ndi mbale zitatu ndi maola 100, kutchetcha ndi maola 60. Pamodzi ndi maola 160, ndiye kuti masiku 20 okha pa chaka chathunthu. Miyezi ina yonseyo idzachita chiyani? Ngongole siigona ngakhale thirakitala itagona. Choncho tiwerengeretu ntchito ya ngolo, ndi minda ya anansi imene tingalime atilipire. Maola akachepabe, palibe manyazi kubwereka thirakitala ya ena pa nthawi yolima, ntchito zina n'kumagwira ndi ng'ombe zathu.

7. Malo athu ndi masipeya

Minda siifanana. Kumene kuli zitunda ndi madambo, thirakitala yokoka ndi matayala onse anayi imagwira nthaka bwino kuposa ina yaikulu yokoka ndi awiri. Munda wa zitsa ndi miyala uyambe wazulidwa, apo ayi mipeni ndi mbale zidzatha mwezi umodzi. Akalozera ndi mizere ya vetiva tisazigumule kuti thirakitala idutse. Thirakitala ndiyo itsate mizereyo.

Safunsa anadya phula. Tisanalipire, titume anthu awiri akafunse. Kodi fyuluta, lamba ndi tayala la mtundu umenewu zimapezeka ku Ulónguè kapena ku Tete? Kodi makaniko wapafupi amaidziwa injini imeneyi? Thirakitala yodikira sipeya mwezi wathunthu nthawi ya dzinja ndi chimodzimodzi kukhala opanda thirakitala. Ikakhala yogwirapo kale ntchito, tipite ndi makaniko wathu, tiilize m'mawa injini ili yozizira, tione utsi, tione ngati oyilo akudontha, tiiyesenso kunyamula pulawo.

8. Moyo uposa makina

Thirakitala, yaikulu kapena yaing'ono, imapha munthu wosasamala. Pa chitunda imagubuduzika. Tisankhe yokhala ndi chitsulo chotchinga pamwamba pa dalaivala, ndipo dalaivala amange lamba. Shafiti ikhale yovindikira nthawi zonse, chifukwa ikakola chitenje kapena malaya siimasiya. Chikwakwa chimaponya miyala kutali ngati legeni, choncho ana ndi ziweto akhale patali. Mpando ndi umodzi, munthunso akhale mmodzi. Pofuna kugwira mipeni, tiyambe tazimitsa injini ndi kuchotsa kiyi.

Tikumbukire

Poyamba ntchito. Kachiwiri chida. Pomaliza thirakitala.

Mau atsopano

Tiwawerenge mokweza, kenaka tiwalembe m'makope mwathu.

thi-ra-ki-ta-la
he-ki-ta-la
a-ka-va-lo
sha-fi-ti
pu-la-wo
ma-si-pe-ya

Mafunso

1. Kodi zilembo za HP ndi CV zimatanthauza chiyani?
2. Chifukwa chiyani thirakitala imachepa mphamvu ikafika ku Angónia?
3. Pakati pa kutchetcha ndi kulima, ndi ntchito iti imene imatiuza kukula kwa thirakitala?
4. Tchulani mavuto atatu a thirakitala yokulitsa.
5. Chikwakwa chimatchetcha masikweya mita 6,000 pa ola limodzi. Mahekitala 3 adzatha maola angati?
6. Pulawo ya mbale ziwiri imalima masikweya mita 16,000 pa tsiku. Mahekitala 8 adzatha masiku angati?

Ntchito ya pagulu

Mutu umodzi susenza denga. Sabata ino tigawane m'magulu atatu, amai ndi abambo pamodzi. Gulu loyamba litenge chingwe cha mamita 50, likayeze minda yolima ndi malo otchetcha. Gulu lachiwiri lilembe ntchito zonse za ngolo, mwezi ndi mwezi. Gulu lachitatu likafunse mtengo wa lita imodzi ya dizilo, mtengo wa tayala la kumbuyo, ndi ndalama zimene eni mathirakitala amalipiritsa polima hekitala imodzi. Pa phunziro likudzalo gulu lililonse lidzalembe manambala ake pa bolodi, ndipo mlembi adzawasunge m'buku la koperativa kuti akawerengedwe pa msonkhano wa mamembala onse.