Kufesa ndi Kusamala Maluwa a Lobelia

Achikumbi anzathu a ku Kanengo, Mgona ndi Area 25, ife amene tinazolowera nazale ya fodya tili ndi luso limene olima maluwa ambiri alibe. Mbewu ya lobelia ndi yaing'ono ngati ya fodya, ndipo kafesedwe kake ndi komweko.

Duwali si lachilendo ai. Mtundu wotchedwa Lobelia erinus umamera wokha m'maiko a kumwera kwa Afirika, ndi kuno kwathu komwe; dzina lokha ndilo linachokera kwa Matthias de l'Obel, katswiri wa zomera amene anamwalira mu 1616. Sutalika kuposa chikhatho, ndipo maluwa ake ndi abuluu ngati thambo, ena oyera.

Chachikulu ndicho nyengo. Tifese mu Epulo, mvula italekeza, pakuti lobelia imakonda kuzizira kwa Juni ndi Julaye. Wofesa mu Seputembala pamodzi ndi fodya angotaya mbewu ndi madzi omwe, chifukwa dzuwa la Okutobala lidzaotcha mbandezo zisanachite maluwa.

Tisefe dothi la m'dimba, tilisakanize ndi manyowa owolerana bwino, tiike m'bokosi loboola pansi. Mbewu tisakanize ndi mchenga wouma kapena phulusa monga tichita ndi fodya, ndipo timwaze pamwamba. Tisakwirire ai, mbewuyi imafuna kuwala kuti imere, tsono tingoitsindira ndi kathabwa. Pothirira tigwiritse keni ya maboo aang'ono, apo ai madzi akokolola zonse. Imamera patapita milungu iwiri kapena itatu. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: poona mbande zowonda ngati ulusi amachulutsa madzi, ndipo zimaola m'tsinde ndi kugwa. Dothi likhale lachinyontho, osati matope.

Powokera tisalekanitse mbande imodziimodzi. Titapule zinayi kapena zisanu pamodzi ndi dothi lake, tibzale motalikana masentimita 15, pamalo pofika dzuwa la m'mawa koma pa mthunzi masana. Madzi a sopo otsukira mbale tisathirepo. Maluwa akayamba kufota, timete theka la msinkhu wake ndi kuthirira, adzaphukanso.

Chenjezo lilipo limodzi. Zomera za mtundu wa lobelia zili ndi ululu, ndipo mbale wake wa ku America, Lobelia inflata, amasanzitsa munthu akamudya. Tsono bokosi la mbande tiliike pathandala, posafika ana okwawa ndi mbuzi.