Kodi Mfuu ya Makamu Ingathetse Zida za Nyukiliya?

PA June 12, 1982, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anasonkhana mu New York akumafuula kuti mpikisano wa zida za nyukiliya ulekeke. Panthaŵi imodzimodziyo, boma la tsankho la ku Pretoria, South Africa, linali kupanga mabomba akeake mwakabisira, ngakhale kuti olimbana ndi tsankho onga Abdul Minty anali kuchonderera maiko kuleka kulithandiza pa zanyukiliya.

1. Kodi nchiyani chinali kuchitika ku Pretoria pamene makamu anali kufuula?

2 Pa March 24, 1993, Pulezidenti F. W. de Klerk anaulula kuti dzikolo linapanga mabomba 6, ndi kuti onsewo anali ataphwasulidwa kale. Palibe dziko lina limene linadzipangira zida zotero ndi kuziwononga lokha. Chotero pangano la mu 1996 loletsa zida za nyukiliya mu Afirika linatchedwa dzina la Pelindaba, malo a kumadzulo kwa Pretoria kumene ntchito ya nyukiliya ya dzikolo inakhazikitsidwa. Okonda mtendere anali ndi chifukwa chabwino chokondwera.

3 Komabe, kodi mfuu ya makamu ndiyo inachititsa zimenezo? Malinga ndi De Klerk, Nkhondo ya Mawu inali kutha ndipo asilikali a Cuba anali kuchoka mu Angola. Kwenikweni, mantha amene anabala mabombawo ndiwo anazilala. Kumene mantha anapitiriza, mpikisanonso unapitiriza: India ndi Pakistan anaphulitsa mabomba oyesera mu 1998, ndipo North Korea anatero mu 2006. Lerolino dziko lili ndi mabomba a nyukiliya pafupifupi 12,000. Ngakhale pa Pelindaba pomwepo, pamene uranium ya m'mabomba aja inasungidwa, anthu okhala ndi mfuti anathyola ndi kuloŵa mu November 2007. Bomba lingaphwasulidwe, koma chidziŵitso cha kapangidwe kake chimatsala, limodzi ndi zilakolako zimene wophunzira Yakobo anasonyeza kukhala magwero a nkhondo. (Yakobo 4:1, 2)

2, 3. (a) Kodi De Klerk anaulula chiyani? (b) Kodi nchifukwa ninji kuphwasula mabomba sikuli kokwanira?

4 Wamasalmo akusonyeza kuti Mulungu ndiye adzaletsa nkhondo padziko lonse, akumawononga zida zenizenizo, ndipo adzachita zimenezo mwa Ufumu wake. (Salmo 46:9, Danieli 2:44) Motero Mkristu amene mnansi wake amuitanira ku chionetsero chotsutsa zida samanyoza nkhaŵa ya munthuyo, pakuti njoyenerera. Koma pokumbukira kuti otsatira a Yesu sali mbali ya dziko, iye amakana mwaulemu, nampempha mnansiyo kuti aŵerengere pamodzi Salmo 46. (Yohane 17:16, 1 Petro 3:15)

4. Kodi Mkristu angayankhe motani ataitanidwa ku chionetsero?