Mwamuna Mnzako n'Pachulu

Kodi masewera olimbana angathe kumphunzitsa munthu khalidwe? Ndisanayankhe, ndiloleni ndikuuzeni zimene zinandichitikira pa tchuthi chapitachi.

Kwathu ku Madziabango, anyamata tikapita kobusa mbuzi timakonda kupikisana pogwetsana pa mchenga. Timalemba bwalo pansi, awiri n'kulowamo, ena onse n'kumachemerera. Malamulo ake ndi ochepa: osaponya chibakera, osaluma, osagwira pakhosi, ndipo amene msana wake wakhudza pansi ndiye wagonja.

Tsiku lina ndinalimbana ndi mnyamata wamng'ono kwa ine. Ndinkamuderera, koma iye anandikola mwendo ndipo ndinagwa chagada. Anzathu ataseka ndinapsa mtima, ndinadzuka n'kumuomba mbama. Madzulo agogo aamuna atamva nkhaniyi anandiitana nati, "Mdzukulu wanga, lero wagwa kawiri. Kugwa koyambako kunali kwa masewera, koma kwachiwiriko ndiye kwa manyazi. Mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo."

Mawu amenewa anandilasa mtima, ndipo ndinayamba kufufuza za masewera otere m'maiko ena. Ndinapeza kuti kulikonse kumene amachitika ali ndi malire amene amawasiyanitsa ndi ndewu.

Avenda a ku Limpopo, m'dziko la South Africa, ali ndi mpikisano wa nkhonya wotchedwa musangwe. Amamenyana ndi manja opanda kanthu, komabe wina akatuluka magazi kapena akakweza dzanja kusonyeza kuti wagonja, nkhonya zimathera pomwepo. Ku Japan, Jigoro Kano anayambitsa judo m'chaka cha 1882 mumzinda wa Tokyo. Iye anatenga luso lakale la ankhondo, nachotsamo zoopsa zambiri kuti likhale njira yolerera achinyamata. Ochita judo amaweramirana asanayambe ndiponso akamaliza, ndipo masewerawa analowa m'mipikisano ya Olimpiki mu 1964. Nelson Mandela nayenso anaphunzira kumenyana ndi ndodo ali mwana, pobusa ng'ombe ku Qunu. Kuno kwathu, pa mwambo wa Umhlangano ku Ntcheu, Angoni amavina ngoma atanyamula zishango ndi zibonga, koma palibe amene amavulaza mnzake.

Tsono tikuphunzirapo chiyani pamenepa?

Choyamba ndi kudziletsa. Munthu amene wagwetsa mnzake amakhala ndi mpata womupweteka, koma lamulo limamuuza kuti aleke. Mphamvu zopanda chozigwira zili ngati ng'ombe yolusa imene yathyola khola.

Chachiwiri ndi kuvomera kugonja. Apa ndi pamene ine ndinalephera. M'bwalo lolimbana mulibe pobisala. Sunganamizire goloboyi kapena woimbira mpira, poti wagwa ndiwe wekha anthu onse akuona. Wodzuka n'kugwira chanza cha mnzake waphunzira chinthu chimene chidzamthandize akadzalephera mayeso kapena akadzadzudzulidwa ndi akulu.

Chachitatu ndi kukonzekera. Mnyamata uja sanandigwetse mwamwayi. Anakhala akuyeserera luso lakelo masiku ambiri, ine ndikungodalira msinkhu. Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto mutu 9, akupereka chitsanzo cha othamanga ndi ankhonya pofuna kutionetsa kuti wopikisana amayamba wagonjetsa thupi lake.

M'mawa mwake ndinapita kwawo kwa mnyamatayo kukapepesa. Sizinali zapafupi kupepesa mwana amene ndimampitirira zaka ziwiri, amayi ake akumva. Iye anangoseka, ndipo masana ake anandiphunzitsa kakoledwe ka mwendo kaja.

Anzanga, pano pa seminale sitigwetsana pa mchenga, koma timapikisana tsiku ndi tsiku m'kalasi, pa bwalo la mpira ndi pa mtsutso. Tikapambana tisanyoze amene tawaposa. Tikagonja tidzuke mwaulemu, tisagwe kawiri monga ndinachitira ine.