Bwanji mzere wokalika pagalimoto umasowa ukanyowa?

Sabata yatha ndinaimika galimoto yanga pafupi ndi msika. Pobwerako ndinapeza chitseko chakumbuyo chili ndi mzere woyera, wautali ngati rula. Ndikuganiza kuti handulo ya njinga ndiyo inakhula pamenepo. Galimotoyo ndi yabuluu, koma mzerewo unali woyera mbee. Mnyamata amene amanditsukira atathira madzi, mzere uja unasowa. Patauma, unabwereranso. Iye anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, apa pali matsenga."

Palibe matsenga. Ndi phunziro la kuwala lomwe lija timachita m'kalasi, ndipo mukalimvetsa mutha kudziwa nokha ngati pokalikapo pakungofuna polishi, kapena pakufuna penti dzimbiri lisanalowe.

Penti wa galimoto ali ndi magawo anayi

Penti amene mumaona pagalimoto ndi magawo osanjikizana. Pachitsulo penipeni pali gawo loteteza ku dzimbiri. Pamwamba pake pali primer, amene amasalaza ndi kuthandiza penti kugwira. Kenako pali base coat, gawo lokhala ndi mtundu. Pamwamba pa zonse pali clear coat, woonekera mkati ngati galasi, ndipo ndi amene amanyezimira.

Magawo onsewa pamodzi amakhala pafupifupi ma micrometre 100 mpaka 150. Kumbukirani kuti milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1,000. Ndiye kuti chitsulo cha galimoto chimatetezedwa ndi kanthu kochindikala ngati pepala lolembera mayeso. Basi.

Mzere woyera uja ukuchokera kuti?

Kuwala kukagunda malo osalala kumabwerera mwadongosolo, mbali imodzi, monga pagalasi loyang'anira. Pa Chingerezi timati regular reflection. Chinthu chikakala clear coat, chimasiya kangalande kokhala ndi timabampu tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Kabampu kalikonse kamabweza kuwala mbali yakeyake. Iyi ndi diffuse reflection. Popeza mitundu yonse ya kuwala kwa dzuwa ikumwazikira m'maso mwanu nthawi imodzi, mumaona zoyera, ngakhale mtundu wabuluu pansipo sunakhudzidwe n'komwe.

Nanga madzi akuchitapo chiyani? Apa tikufuna refractive index. Wa mpweya ndi pafupifupi 1.00, wa madzi ndi 1.33, wa clear coat ndi pafupifupi 1.5. Kuwala kumabwerera kwambiri pamalire a zinthu ziwiri ngati manambala awo asiyana kwambiri. Kuwala kukagunda molunjika, gawo lobwerera timalipeza chonchi: chotserani manambala awiriwo, gawani ndi kuphatikiza kwawo, kenako yankholo lichulukitseni ndi lokha.

Mpweya ndi clear coat: 0.5 ÷ 2.5 = 0.2, ndipo 0.2 × 0.2 = 0.04. Ndiye 4 peresenti.

Madzi ndi clear coat: 0.17 ÷ 2.83 = 0.06, ndipo 0.06 × 0.06 = 0.0036. Sizikufika ndi theka la peresenti lomwe.

Mwaona? Madzi akadzaza kangalande kaja, timabampu tija timabweza kuwala kochepa kuposa kakhumi, ndipo pamwamba pa madziwo ndi posalala. Kuwala kumadutsa, kukafika pa buluu, n'kubwerera kwa inu. Mzere wasowa. Madzi akauma, mpweya umalowanso, mzere n'kuonekeranso.

Mayeso awiri osalira ndalama

Choyamba, thirani madzi. Mzere ukasowa, wathera mu clear coat. Chachiwiri, dutsitsani chikhadabo mopingasa. Ngati sichikukodwa, polishi yekha akhoza kukonza, chifukwa amapala pang'ono m'mbali mwa kangalandeko mpaka pasalale. Koma musapitirire muyeso: clear coat amene mwapala sabwereranso.

Ngati mzere ukuonekabe uli wonyowa, ndipo mkati mwake muli mtundu wotuwa kapena woyera, mwafika pa primer. Mukaona chitsulo chikung'anima, kapena kadontho kofiirira, ndiye kuti nkhani yakula.

Kamwala kakang'ono, bala lalikulu

Timabala tapaboneti nthawi zambiri timabwera ndi timiyala tomwe matayala a galimoto zina amaponya. Tiyeni tiwerengere. Kamwala ka magalamu 2 kakumane ndi boneti pa liwiro la makilomita 80 pa ola, omwe ndi pafupifupi mamita 22 pa sekondi. Kinetic energy ndi ½mv², ndiye ½ × 0.002 × 22 × 22 = 0.48 J. Mphamvuyi ikufanana ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yogwa kuchokera pa masentimita 5. Ikuoneka yochepa, eti? Koma yonseyo ikuthera pa kansonga kakang'ono ngati ka msomali, ndiye penti amagamphuka. Onaninso kuti v ali squared: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake dalaivala wanzeru amachepetsa liwiro ndi kutalikira lole pamsewu wa miyala.

Chitsulo chikakhala pamtunda, chimakumana ndi okosijeni ndi madzi, n'kupanga dzimbiri. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako, choncho limatukula penti wam'mbali, madzi n'kulowa pansi pake. Kabala kongati njere ya mapira kakhoza kukula pang'onopang'ono mpaka chitsulo kubooka. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi zinc pachitsulo amene amachedwetsa zimenezi, koma si wodalira mpaka kalekale. Bampala ya pulasitiki sichita dzimbiri. Ndiye pomwe chitsulo chaonekera, tsekanipo mvula isanayambe.

Kakonzedwe kake

Touch-up paint ndi penti wam'kabotolo kakang'ono wopangira timabala totere. Musasankhe mtundu ndi maso, chifukwa zoyera zilipo zamitundumitundu. Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya mtundu wake, yolembedwa pakachikwangwani ka pafelemu ya chitseko kapena pansi pa boneti. Mwachitsanzo, pa Toyota nambala 040 ndi Super White.

1. Tsukani ndi sopo, muumitse, kenako pukutani ndi sipiriti. Penti sagwira pamafuta kapena pa polishi wakale.

2. Ngati pali dzimbiri, lipaleni ndi kansonga ka sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Kupaka pamwamba pa dzimbiri ndi kungolibisa.

3. Pomwe chitsulo chaonekera, yambani ndi kadontho ka primer, kaume.

4. Khutchumulani botolo mokwanira. Tinthu topatsa mtundu ndi tolemera kuposa madzimadzi ake, ndiye timadikha pansi.

5. Tengani kamtengo ka machesi kosongola, mugunditse kadontho pakati pa bala. Pentiyo amayenderera yekha mpaka m'mbali. Musapake ngati mukupenta khoma.

6. Ikani pang'onopang'ono, kangapo, mukudikira nthawi imene yalembedwa pabotolo. Penti amauma pamene solvent wake akuuluka ngati nthunzi, ndipo akamauma amafwapa. Mukaika chidontho chachikulu kamodzi, pamwamba pamauma msanga n'kutsekera mkati muli mosauma.

7. Malizani ndi clear coat. Akaumiratu, mutha kusalaza mosamala ndi sandipepa wonyowetsa wa nambala 2000 kapena 3000, kenako polishi.

Gwirani ntchitoyi pamthunzi, podutsa mphepo, kutali ndi moto. Chitsulo chotentha ndi dzuwa chimaumitsa penti asanayenderere, ndipo nthunzi yake imayaka komanso si yabwino kuipuma.

Musayembekezere kuti bala lisoweretu, makamaka pa penti wonyezimira ngati siliva. Muli tizidutswa ta aluminiyamu tomwe ndi timagalasi ting'onoting'ono. Kufakitale amachita kupopera, ndiye timagona chafufumimba mbali imodzi. M'kadontho kanu timagona mwachisawawa, choncho timabweza kuwala mosiyana, ndipo pamalopo pamaoneka poderako kapena powalako. Palibe vuto. Chachikulu n'chakuti mpweya ndi madzi zatsekeredwa kunja.

Yesani nokha

Musakakale galimoto ya munthu, chonde! Tengani botolo la pulasitiki loonekera mkati, mulikhule ndi mchenga mpaka lituwe. Ikani pepala lolembedwa kuseri kwake. Thirani madzi pokhulapo, muone. Pukutani, kenako pakani kadontho ka mafuta ophikira, amene refractive index yake ndi pafupifupi 1.47.

Funso la sabata ino: pakati pa madzi ndi mafuta, n'chiyani chabisa bwino mokalikamo, ndipo n'chifukwa chiyani? Gwiritsani ntchito masamu aja, mutenge 1.5 ngati nambala ya pulasitiki, ndipo muonetse njira yonse.

Za chitseko changa chija: chikhadabo sichinakodwe. Polishi ndi kansalu zinakwana.