Mwana akanenepa mwadzidzidzi, mvetserani kapumidwe kake usiku

Amayi, kwathu kuno mwana akanenepa timati akudya bwino, ndipo kawirikawiri zimakhala zoona. Koma m'phunziro lino tione kunenepa kwina kumene gwero lake si nsima koma ubongo.

Pansi pa ubongo pali kachigawo kakang'ono kotchedwa hypothalamus. Ndiko kamatiuza kuti takhuta kapena tili ndi ludzu, kamasunga kutentha kwa thupi, ndiponso kamalamulira mahomoni amene amakulitsa mwana mpaka kutha msinkhu. Pali matenda ena osowa kwambiri amene amasokoneza kachigawo kameneka pamodzi ndi kapumidwe. Madokotala a ku America anawatcha ROHHAD m'chaka cha 2007.

Nthawi zambiri amayamba mwana ali pakati pa zaka 2 ndi 7. Mwana amene amakula bwinobwino amayamba kudya osakhuta, n'kuwonjezera makilogalamu 10 kapena kuposa chaka chisanathe. Kenako zina zimabwera pang'onopang'ono: kumwa madzi kwambiri kapena kusamva ludzu n'komwe, manja ndi mapazi ozizira, kutha msinkhu msanga kapena mochedwa.

Choopsa chenicheni chili mtulo. Ife tikagona, mpweya woipa ukachuluka m'magazi, ubongo umatikakamiza kupuma mozama. Mwa mwana wodwalayu ubongo sumva chenjezolo. Amapuma mopepuka, mpweya wabwino n'kumachepa, koma iye osabanika, osadandaula, osadzuka. N'chifukwa chake makolo amaganiza kuti ali bwino. Inu onani izi: nkonono, kudukiza kupuma, milomo kuda, mutu kupweteka m'mawa, kusinza m'kalasi. Ndipo chonde, mwana wotere musam'patse mankhwala ogonetsa ngati Piriton kuti agone bwino, chifukwa amafooketsanso kapumidwe.

Tisachite mantha mopitirira. Ana ambiri oliza nkonono vuto lawo ndi zotupa zapakhosi, ndipo ludzu losatha nthawi zambiri limaloza ku matenda a shuga. Zonsezi n'zofuna dokotala, osati kuloza agogo chala kuti am'lodza mwana.

Ngati muli ku Nkolokosa, yambirani ku chipatala cha Zingwangwa mutanyamula kabuku kakuchipatala ka mwanayo. Masikelo olembedwa m'menemo ndiwo amaonetsa mwezi umene kunenepako kunayamba. Ngati foni ilipo, mujambuleni kanema ali mtulo, chifukwa masana pamaso pa adokotala angaoneke wabwinobwino. Pemphani kalata yopita ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene kuli madokotala a ana, ndiponso Mercy James Centre imene inatsegulidwa mu 2017 ndipo ili ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya.

Mankhwala ochiziratu ROHHAD sanapezeke. Chimene chimasunga moyo ndi makina othandiza kupuma usiku, mahomoni obwezera amene akusowa, ndi kuyeza mchere wa m'magazi pafupipafupi. Okosijeni payekha sakwanira, pakuti sachotsa mpweya woipa uja.