Phunziro la Zaumoyo: Bondo Lotupa Silikhala Nyamakazi Nthawi Zonse

Amayi anzathu, tikamayendera odwala timakumana ndi ambiri odandaula bondo, chigongono kapena kakolo. Timafulumira kunena kuti ndi nyamakazi. Koma kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, kutupaku kungachokere ku tizilombo totchedwa mafangasi.

Kusiyana kwake
Pali nyamakazi ina imene imayamba chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi thupi lomwelo. Kawirikawiri imagwira mbali zonse ziwiri, makamaka zala, ndipo munthu amadzuka zitauma. Mankhwala ake, monga prednisolone, amachepetsa mphamvu ya chitetezocho.

Mafangasi amalowa ndi mpweya umene timapuma, kapena pabala la minga kumunda. Kawirikawiri amagwira malo amodzi, makamaka bondo, ndipo limatupa pang'onopang'ono kwa miyezi. Wodwala wotereyu akapatsidwa mankhwala ochepetsa chitetezo, ululu ungachepe kwa masiku ochepa, koma tizilombo timachulukirachulukira mpaka kuwononga fupa.

Ali pachiopsezo ndani?
Amene ali ndi HIV ndipo CD4 yawo yatsika pansi pa 200, odwala shuga, olandira mankhwala a khansa, ndi amene amwa prednisolone nthawi yaitali. Mu 2022 bungwe la WHO linatchula mafangasi 19 oopsa kwambiri. Amodzi mwa iwo ndi Cryptococcus, amene amadziwika ndi matenda oumitsa khosi koma amafikanso m'mafupa.

Tichite chiyani?
1. Kutupa kukapitirira ngakhale wodwala akumwa mankhwala, kapena pakatuluka zilonda, kutentha thupi ndi kuwonda, timuperekeze kuchipatala.
2. Wodwala auze adokotala matenda onse amene ali nawo ndi mankhwala amene akumwa, osabisa.
3. Adokotala angatenge madzi a m'bondomo kukayeza. Mafangasi amachedwa kuoneka, mwina masabata angapo, choncho tisataye mtima. Chifuwa chachikulu nachonso chimagwira mafupa, ndiye kuyeza n'kofunika.
4. Tisateme mphini potupapo, ndipo tisagule prednisolone pamsika. Amene akumwa kale asasiye mwadzidzidzi popanda malangizo a adokotala.
5. Mankhwala a mafangasi a m'mafupa amamwedwa miyezi yambiri, ena kufika chaka. Tilimbikitse wodwala kuti amalize, osasiyanso ma ARV.

Mafunso okambirana
1. Kodi m'dera lathu anthu amathamangira kuti bondo likatupa?
2. Tingamuthandize bwanji mnzathu woopa kuulula matenda ake kwa adokotala?
3. Ndani mwa ife angaperekeze wodwala pa tsiku lokamva zotsatira?