Kodi Mwana Wanu Wakhala Nambala Chiyani?

Sukulu zikatsekera, funso limene limamveka m'midzi yathu kuyambira ku Mkanda kufikira ku Kamwendo ndi ili: "Wakhala nambala chiyani?" Mwana akati nambala 3 amamuphera nkhuku, koma akati nambala 40 amamukalipira. Tsono ife tifuna kukuuzani, makolo, kuti nambala payokha siinena zonse.

Sukulu ya pulaimale ili ndi makalasi asanu ndi atatu, Sitandade 1 kufikira Sitandade 8. Achikulire akumbukira kuti kale kunali Sub A ndi Sub B, ndipo tsidya lija la malire, ku Chipata, anzathu amati Giredi. Chaka cha sukulu chili ndi materemu atatu. M'kati mwa teremu aphunzitsi amayesa ana pang'onopang'ono, ndipo potsiriza pake pamakhala mayeso. Malikisi a phunziro lililonse amalembedwa pa lipoti, ndipo akawaphatikiza pamodzi ndi pamene amapeza nambala ya mwana m'kalasi.

Taonani chitsanzo ichi. Mwana wina wakhala nambala 5, koma pa masamu wapeza 35 pa 100. Chichewa ndi maphunziro ena ndiwo amukweza. Mnzake wakhala nambala 30, koma masamu ake achoka pa 40 kufika pa 55. Woyambayo ali ndi bala lobisika, pamene wachiwiriyo ali kukwera. Mlimi posankha fodya sayang'ana mulu wonse, amatenga tsamba limodzilimodzi. Chitani chomwecho ndi lipoti la mwana wanu.

Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mu Sitandade 8 ana amalemba mayeso a boma a PSLCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB. Kumeneko mwana wa ku Kapiri amapikisana ndi ana a m'sukulu zina zambirimbiri kuti asankhidwe kupita ku sekondale. Nambala ya m'kalasi siimuthandiza ngati Chingerezi kapena masamu zinamusiya kalekale mu Sitandade 4.

Nanga inu muchitenji kunyumba? Choyamba, mwana asajombe. Boma linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale m'chaka cha 1994, komabe ana ambiri amataya masiku chifukwa chokumba mtedza, kusoka fodya, kapena kukagulitsa malonda ku malire a Mwami. Phunziro limene lapita mwana ali kumunda silibwereranso. Chachiwiri, madzulo aliwonse muuzeni akuwerengereni mokweza kwa kanthawi dzuwa lisanalowe. Ngakhale inu simudziwa kuwerenga, khutu lanu lidzamva pamene ali kudodoma. Chachitatu, mukamagulitsa mtedza muitaneni awerengere ndalama, pakuti amenewonso ndi masamu. Ndipo ana aakazi apatsidwe nthawi yofanana ndi ana aamuna, asathere tsiku lonse ku chitsime ndi pa mtondo.

Potsiriza, tengani lipotilo mupite nalo kwa aphunzitsi, osadikira kuti akuitaneni pa mlandu. Afunseni kuti, "Aphunzitsi, kodi mwanayu chikumuvuta n'chiyani?" Ndipo inunso aphunzitsi, kholo likafika musalichititse manyazi. Lilongosolereni phunziro ndi phunziro m'chinenero chathu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, choncho yambani teremu ino, mwana akali m'makalasi aang'ono.